Akakana buku akubisa chiyani? Kuwerenga m'sukulu za ana ochotsedwa ku England

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 14 m'kalasi ya ana 30 ku England. Mphunzitsi wagawa mabuku, wanena kuti aliyense awerenga ndime imodzi mokweza kuyambira mzere wakutsogolo. Mnyamatayu sakumva n'komwe zimene anzake akuwerenga. Iye akuwerenga mitu: atsala asanu, atsala anayi. Chala chatsikira pa ndime imene imugwere, ndipo m'menemo waonamo mawu atatu amene sakudziwa kuti awayambira pati. Atatsala awiri, waponda mpando wa mnzake wakutsogolo, watukwana, mphunzitsi wamutulutsa. Ali pakhonde mtima wakhala m'malo. M'kaundula alemba kuti wasokoneza kalasi. Mulibe mzere wolembapo kuti ndime ija imamuopsa.

Aliyense amene anadodomapo pa mawu anzake n'kuphulika kuseka akudziwa mmene makutu amatenthera. Kwa ambiri a ife zinali za tsiku limodzi. Kwa mnyamata uyu ndi za tsiku ndi tsiku kuyambira ali ndi zaka 6, ndipo anazindikira kalekale kuti pa mayina awiri amene angapatsidwe, la wamwano ndi la mbuli, lopepukirapo kusenza ndi la wamwano. Wamwano anzake amamuopa, ena amamusirira. Mbuli amangoiseka. Zolembedwa m'kaundula zikachuluka, tsiku lina makolo amalandira kalata yoti mwana wawo asabwerenso.

Koma ku England mwana sangangokhala pakhomo chifukwa wachotsedwa sukulu. Gawo 19 la lamulo la maphunziro la 1996 limalamula khonsolo ya dera kuti ipezere maphunziro mwana aliyense wa msinkhu wa sukulu amene sangapite ku sukulu wamba chifukwa chochotsedwa, matenda kapena zifukwa zina. Wochotsedweratu ayenera kukhala atapezeredwa malo pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi. Malo onsewa pamodzi amawatcha alternative provision, mwachidule AP. Ena ndi masukulu a khonsolo otchedwa Pupil Referral Unit, amene anabwera ndi lamulo la 1993. Ena ndi a m'zipatala. Enanso ndi timalo ta mabungwe kapena ta anthu wamba kumene mwana amakaphunzira kukonza galimoto kapena kusamala ziweto masiku angapo pa sabata.

M'chaka cha sukulu cha 2023/24 ana pafupifupi 10,900 anachotsedweratu m'masukulu a boma ku England, ndipo zilango zoimitsa mwana kwa masiku zinafika pafupifupi 955,000. Chifukwa chimene chimalembedwa kawirikawiri kuposa china chilichonse ndi chomwe chija cha mnyamata wathu: kusokoneza kalasi kosalekeza. Mu 2019 Edward Timpson, amene boma linamutuma kuunika nkhani ya kuchotsa ana, anapeza kuti mwa zilango 100 zilizonse zochotseratu mwana, 78 zinagwera ana amene anali kale ndi zosowa zapadera pa maphunziro, kapena otsatiridwa ndi a chisamaliro cha ana, kapena olandira chakudya chaulere cha kusukulu chifukwa cha umphawi wa pakhomo. Chaka chimodzi m'mbuyomo komiti ya maphunziro ya ku nyumba ya malamulo inali itawatcha kale ana a m'masukuluwa kuti ndi ana oiwalika.

Kalasi ya mu AP imakhala yaing'ono, nthawi zambiri ana osafika 10. Anyamata ndiwo ochuluka, ndipo ambiri amafika ali ndi zaka 14 mpaka 16, mayeso omaliza sekondale otchedwa GCSE ali pakhomo. Amabwera mwezi uliwonse, ena kudzakhala masabata ochepa, ena mpaka kumaliza. Bungwe la Centre for Social Justice linalemba mu 2020 kuti ana 4 okha mwa 100 a m'masukuluwa ndiwo amakhoza Chingerezi ndi masamu pa GCSE, pamene m'masukulu wamba ndi 64. Kumbuyo kwa zonsezi kuli dziko limene ana ake ambiri, ngakhale amene sanachotsedwepo sukulu, akutaya buku. National Literacy Trust imafunsa ana a zaka 8 mpaka 18 chaka ndi chaka, ndipo mu 2025 amene anati amakonda kuwerenga pa nthawi yawo yopuma anali 32.7 peresenti, chiwerengero chotsikitsitsa chiyambire kufunsaku mu 2005. N'chifukwa chake boma linasankha 2026 kukhala chaka cholimbikitsa kuwerenga m'dziko lonse.

Safuna kapena sangathe?

Aphunzitsi kumeneko ali ndi dzina limodzi la mwana wokana buku, amati reluctant reader. Kwa ine dzinali lili ngati liwu loti malungo mmene timaligwiritsira ntchito kumudzi, pamene kutentha thupi kulikonse timati malungo. Wodwalayo akapanda kuyezedwa magazi adzamwa mankhwala a malungo pomwe vuto ndi chibayo. Ana okana buku nawonso akudwala zosiyana, ngakhale chizindikiro chili chimodzi.

Mu 1986 Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza kuti kumvetsa zimene ukuwerenga kumachokera pa zinthu ziwiri: kutha kusandutsa malembo kukhala mawu, ndi kumva chiyankhulocho. Iwo anati ziwirizi zimachulukitsana, siziphatikizana, kutanthauza kuti chimodzi chikakhala ziro zonse zimathera ku ziro. Mwana wolankhula bwino koma wosatha kumasula malembo sawerenga. Womasula malembo bwinobwino koma wosamva tanthauzo la mawuwo nayenso sawerenga, akungolira ngati wailesi.

Ife amene tinayambira pa a e i o u, kenako ba be bi bo bu, sitimvetsa msanga kuti mwana wobadwira m'Chingerezi angafike zaka 15 asakutha kuchiwerenga. Chichewa chimalembedwa pafupifupi mmene chimamvekera. Ukagwira maphatikizo, mawu aliwonse ungawatchule ngakhale sunawaonepo. Chingerezi chili ndi malembo 26 oimira maliwu pafupifupi 44, ndipo malembowo sakhulupirika. Taonani though, through, tough ndi cough: onse akuthera ndi malembo anayi ofanana, koma aliwonse amatchulidwa mwa njira yakeyake. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa mu 2003, woyerekeza ana a m'mayiko a ku Europe, anapeza kuti ana ophunzira m'Chingerezi amachedwa kuposa kawiri kugwira maziko a kuwerenga poyerekeza ndi a ziyankhulo zolembedwa mmene zimamvekera. Choncho mwana amene anajomba kwambiri ali ndi zaka 5 ndi 6, kaya chifukwa cha matenda, kusamukasamuka kapena chipwirikiti cha pakhomo, amatsala ndi mipata imene siidzitseka yokha.

England inalimbikira kuphunzitsa maliwu a malembo kuchokera pa lipoti la Jim Rose la 2006, ndipo kuyambira 2012 mwana aliyense amayesedwa ali ndi zaka pafupifupi 6 ndi mawu 40, theka lake opeka, kuti aone ngati akumasuladi malembo kapena wangoloweza. Ngakhale zili choncho, mwana mmodzi mwa anayi amatuluka ku pulayimale ali ndi zaka 11 asanafike pa mlingo woyembekezeka wa kuwerenga. Ku sekondale kuphunzitsa kuwerenga kumakhala kutatha. Wa sayansi, wa mbiri yakale ndi wa masamu onse amagawa mapepala poganiza kuti ntchitoyo inachitika kale.

Palinso vuto lobisika kwambiri, la chiyankhulo chenichenicho. Courtenay Norbury ndi anzake, atayeza ana oyamba sukulu m'dera la Surrey, anapeza mu 2016 kuti pafupifupi ana awiri m'kalasi iliyonse ya 30 amavutika kumva ndi kupanga ziganizo popanda matenda ena odziwika. Mwana wotere ukamupatsa malangizo atatu nthawi imodzi amagwira loyamba lokha, ndipo kwa mphunzitsi amaoneka ngati wamakani. Bungwe la British Dyslexia Association limati munthu mmodzi mwa 10 ali ndi dyslexia, vuto lolumikiza malembo ndi maliwu. Ana a mavuto awiriwa amachuluka mu AP kuposa m'masukulu wamba, ndipo ambiri amafika asanayezedwepo. Pamene boma mu 2021 linayamba kuyesa kuika magulu a akatswiri m'masukulu 22 a AP, akatswiri a kalankhulidwe ndi chiyankhulo anali m'gulumo pamodzi ndi a thanzi la maganizo ndi alangizi a achinyamata.

Keith Stanovich, m'chaka chomwecho cha 1986, anapatsa kuzungulira kumene kumatsatira dzina loti Matthew effect, ndipo analitenga mu Mateyu 25:29, pamene yemwe ali nazo adzawonjezeredwa ndipo yemwe alibe adzalandidwa ngakhale zochepa zomwe ali nazo. Wowerenga mosavuta amawerenga zambiri, amakumana ndi mawu atsopano, kuwerenga kumapepukiranso. Wovutika amazemba, ndipo chaka chilichonse mtunda pakati pa awiriwa umakula. Pofika zaka 14 mnyamata uja sanangotsalira pa malembo okha. Waphonyanso mawu zikwizikwi amene anzake anatola m'mabuku osadziwa n'komwe kuti akuphunzira.

Komanso alipo ana amene amawerenga bwinobwino koma sukulu inawaipitsira buku. Kwa iwo buku ndi chinthu chimene pambuyo pake pamabwera mafunso, cholembera chofiira ndi chilango.

Kuyeza osachititsa manyazi

Masukulu ambiri amayeza mwana aliyense wofika, ndipo amachita bwino. Vuto ndi kayezedwe. Mwana wafika tsiku loyamba, wokwiya, dzulo lomwe anamuuza kuti sukulu yake yamukana. Amukhazika pa kompyuta kuti ayankhe mafunso a kuwerenga. Iye amangodina chilichonse, m'mphindi zinayi wamaliza, makina n'kutulutsa kuti amawerenga ngati mwana wa zaka 6. Nambala imeneyo imalowa m'faelo n'kumutsatira kulikonse, pomwe chimene yayeza ndi mkwiyo. Aphunzitsi odziwa ntchito amadikira masiku angapo, kenako amakhala naye pambali, osati momuyang'ana kumaso, chitseko chili chotseka, n'kumumvetsera akuwerenga ndime yaifupi. Pamenepo ndi pamene amamva ngati amangoganizira mawu poona lembo loyamba, ngati amameza mapeto a mawu, ngati amawerenga molondola koma modekha kwambiri moti pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala chiyambi, kapena ngati amathamanga bwinobwino koma sangafotokoze zimene zachitika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zikapezeka kuti vuto ndi malembo, palibe njira yachidule. Mnyamata wa zaka 15 ayenera kuphunzitsidwa maliwu amene anaphonya ali ndi zaka 6. Pano ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa zipangizo zimene zili m'kabati ndi za ana a mkaka, zokhala ndi zithunzi za amphaka ovala zipewa. Ukangozitulutsa wamutaya. Zimene zimayenda ndi phunziro lalifupi, la tsiku lililonse, la awiri kapena atatu, malo obisika, ndi zipangizo zopangidwira msinkhu wake, komanso kumuuza zoona: kuti kalembedwe ka Chingerezi ndi kokhotakhota, kuti pali zidutswa zimene sanapatsidwe, ndipo zidutswazo n'zowerengeka. Ana ambiri anadzigamula okha kalekale kuti mutu wawo ndi wouma. Kumva kuti chosowacho chili ndi dzina ndi malire kumawamasula kuposa matamando alionse. Timati m'mera mpoyamba, ndipo n'zoona kuti kuthandiza msanga kumapepuka. Koma mwambiwu ukagwiritsidwa ntchito potaya mtima pa wachinyamata, wanama. Bungwe la Shannon Trust, limene linayamba mu 1997, limaphunzitsa akaidi odziwa kuwerenga kuti aphunzitse anzawo m'ndende, ndipo amuna a imvi amayambira pa maliwu omwewo n'kufika powerenga makalata a ana awo.

Kuganiza kwanga n'koti mkangano wakale wa pakati pa ophunzitsa maliwu ndi olimbikitsa kukonda mabuku ulibe malo mu AP. Mwana sangakonde chinthu chimene chimamupweteka nthawi iliyonse akachigwira, ndiye luso n'lofunika. Komanso sangapirire miyezi yobwereza maliwu ngati sanalawepo chimene chili kutsidya, ndiye kukoma kwa nkhani n'kofunika kuyambira tsiku loyamba.

Njira yosavuta yomulawitsa ndi yakale kwambiri: wamkulu awerenge, ana amvetsere. Ofufuza a pa University of Sussex, motsogoleredwa ndi Jo Westbrook, anapempha aphunzitsi 20 a Chingerezi kuti asiye kudula buku m'tizidutswa tokhala ndi mafunso pambuyo pa tsamba lililonse. M'malo mwake awerenge mabuku awiri athunthu a nkhani, ovutirapo, motsatizana ndi mofulumira, m'masabata 12. Ana anali 365, a zaka 12 ndi 13. Onse pamodzi anapita patsogolo pa kumvetsa nkhani monga mmene mwana amapitira m'miyezi 8.5, koma ovutika kuwerenga anapita patsogolo monga mmene mwana amapitira m'miyezi 16. Kafukufukuyu anachitikira m'masukulu wamba ndipo anali waung'ono, choncho tisamusenzetse katundu woposa mphamvu zake. Koma akuloza chinthu chimene aliyense amene anakulira pa nthano za madzulo akuchidziwa: nkhani imagwira munthu ikamayenda. Ana ofooka ndi amene kawirikawiri amapatsidwa zidutswa ndi mapepala odzaza mipata, moti ena amafika zaka 16 asanamvepo nkhani imodzi kuchoka pachiyambi kufika pamathero.

M'kalasi ya AP kuwerengera ana sikuoneka mwadongosolo. Wina wavala chipewa cha juzi mpaka m'maso, wina wagoneka mutu pa desiki, wina akujambula pa dzanja. Mphunzitsi wanzeru sawakakamiza kukhala mowongoka, ndipo lamulo lake ndi limodzi, loti palibe amene adzalozedwe kuti awerenge mokweza asanadzipereke yekha. Amaima pamene nkhani yafika pokoma. Mawa, yemwe anagoneka mutu uja ndi amene amafunsa ngati munthu uja anafadi. Mabuku omvetsera pa foni kapena pa kompyuta amagwira ntchito yofananayo, ndipo si kubera ayi: amapatsa mwana mawu ndi nkhani za msinkhu wake. Chimene sachita ndi kuphunzitsa maso kumasula malembo, ndiye asalowe m'malo mwa phunziro lija.

Buku lanji, ndipo wasankha ndani

Wachinyamata amayang'ana chikuto asanayang'ane china chilichonse, ndipo funso lake ndi loti anzake akamuona nalo ati chiyani. N'chifukwa chake kunabwera mabuku a nkhani za akuluakulu koma olembedwa m'mawu osavuta. Kampani ya Barrington Stoke, imene Patience Thomson ndi Lucy Juckes anayambitsa ku Edinburgh mu 1998, inadziwika ndi zimenezi: mabuku aafupi, mapepala okhuthala a mtundu wa kirimu, malembo otalikirana bwino, ndi zikuto zosasiyana ndi za mabuku ena onse. Kufupikako kuli ndi phindu lalikulu. Mwana amene sanamalizepo buku m'moyo wake akatseka tsamba lomaliza la buku la masamba 70, chinthu china chimasintha pa mmene amadzionera.

Koma buku la nkhani zopeka si khomo lokhalo. Nkhani za zithunzi, kuphatikizapo za ku Japan zotchedwa manga, mbiri za osewera mpira, mawu a nyimbo, ndakatulo zazifupi, nkhani zenizeni za milandu, malangizo okonzera njinga yamoto, zonsezi ndi kuwerenga. Kwa wa zaka 16, buku lamphamvu kwambiri nthawi zina ndi la mafunso a laisensi ya galimoto, pakuti mayeso ake ali ndi mafunso 50 ndipo ayenera kukhoza 43. Wofuna ntchito ya zomangamanga amafunika khadi la CSCS, ndipo nalonso limadzera pa mayeso a za chitetezo. Mnyamata amene amati mabuku ndi a atsikana amakhala phee ola lathunthu pa mafunso amenewa chifukwa akuona ndalama kutsogolo. Mphunzitsi wonyoza kuwerenga kotereku akutseka khomo lokhalo limene linali lotseguka.

Nkhani ya amene ali m'bukumo nayonso ndi yoona. Ana a mabanja a Gypsy, Roma ndi Traveller, mitundu ya anthu a chikhalidwe choyendayenda, komanso akuda ochokera ku mabanja a ku Caribbean, amachotsedwa sukulu kaŵirikaŵiri kuposa anzawo. Pamene Centre for Literacy in Primary Education inawerenga mabuku a ana osindikizidwa ku UK mu 2017, inapeza kuti 4 peresenti yokha inali ndi munthu wakuda, wa ku Asia kapena wa mtundu wina wochepa, ndipo 1 peresenti yokha inali ndi wotereyo ngati mwini nkhani. Zinthu zasinthako kuchokera pamenepo, koma mashelefu a masukulu osauka amasintha mochedwa. Apa ndichenjezeko pang'ono. Pali chizolowezi chopatsa ana a mu AP mabuku a mipeni, magulu a zigawenga ndi ndende okhaokha, poganiza kuti ndiwo moyo wawo. Ena amawakondadi. Ena amafuna zoseketsa, za mizukwa kapena za mbalame, ndipo amamva chipongwe pamene wamkulu wawasankhira nkhani ya umbanda asanawafunse.

Teresa Cremin wa ku Open University wakhala zaka zambiri akusonyeza kuti chimene chimasowa kawirikawiri ndi wamkulu amene amadziwa mabuku a ana a lero komanso amadziwa mwanayo. Kafukufuku wake anapeza kuti aphunzitsi ambiri amangodalira olemba ochepa amene anawawerenga iwo eni ali ana. Zimene amalimbikitsa n'zosafuna ndalama zambiri: kuwerengera ana mokweza, nthawi yoti aliyense awerenge chimene wasankha, malo omasuka, ndi macheza wamba a mabuku opanda malikisi. Mu AP izi zimakhudza wamkulu aliyense, osati wa Chingerezi yekha. Mlangizi wa masewera akasiya buku pa tebulo n'kunena kuti tsamba 40 linamukwiyitsa, wachita zambiri kuposa chikwangwani cha pakhoma. Mwana apatsidwenso ufulu wosiya buku limene silikumukomera. Akuluakulu owerenga timatero nthawi zonse popanda wotilanga.

Za mapulogalamu ogula ndi mphotho sindichedwapo. Accelerated Reader, pulogalamu imene mwana amayankha mafunso pa kompyuta akamaliza buku n'kupeza mapointi, inaoneka yothandiza pa kuyesa kwakung'ono kwa Education Endowment Foundation mu 2015, koma pa kuyesa kwakukulu kwa 2021 ana oigwiritsa ntchito sanapose anzawo. Tchati cha pakhoma choonetsa amene wawerenga mawu ochuluka chimasangalatsa amene ali pamwamba, ndipo mwana wa mu AP wakhala pansi pa matchati otere moyo wake wonse. Chimene chimagwira mtima kwambiri ndi kumupatsa udindo. Mtsikana wa zaka 15 amene amawerenga ngati wa zaka 9 akapemphedwa kukawerengera ana a zaka 5, amakonzekera kabuku kaja kanayi kapena kasanu popanda manyazi, chifukwa tsopano kabuku kachibwanako ndi ka anawo, iye ndi mphunzitsi. Kubwerezako ndi kumene kumabala kuwerenga mosadodoma.

Phindu la zonsezi si la mayeso a Chingerezi okha. Alice Sullivan ndi Matt Brown, pogwiritsa ntchito mbiri ya anthu pafupifupi 6,000 obadwa mu 1970, anapeza mu 2013 kuti ana owerenga mwa kufuna kwawo anapita patsogolo kwambiri pakati pa zaka 10 ndi 16 pa kudziwa mawu, kalembedwe, ngakhale masamu, ndipo mphamvu ya chizolowezichi inaposa ya kukhala ndi kholo la digiri. Kumbali inayo, oyendera masukulu ndi ndende analemba mu 2022 kuti 57 peresenti ya akaidi aakulu oyezedwa polowa ankawerenga ndi kulemba mosafika pa mwana wa zaka 11. Izi sizikutanthauza kuti kusawerenga kumatengera munthu kundende. Umphawi ndi mavuto a pakhomo zimakoka zonse ziwiri. Koma pali chodabwitsa chimene olimbikitsa malaibulale amachitchula kawirikawiri: ku England lamulo limakakamiza ndende iliyonse kukhala ndi laibulale, pomwe sukulu siikakamizidwa. Sukulu yaing'ono ya AP imene ili m'nyumba yakale ya maofesi nthawi zambiri imakhala ndi shelefu imodzi ya mabuku opatsidwa ndi anthu. Ndipo buku likapita kunyumba kawirikawiri silibwerera. Ine ndingati lisiyeni lipite. Kulipiritsa banja limene likudalira chakudya chaulere kumangotsimikiza kuti lachiwiri silidzatengedwanso.

Makolo a ana amenewa, kuphatikizapo a kwathu amene akulera ana ku Britain, anazolowera kuti foni ya kusukulu ikalira ndiye kuti kwagwa zina. Ena mwa iwo nawonso sukulu inawapweteka, ndipo kalata yowauza kuti aziwerenga ndi mwana mphindi 20 usiku uliwonse imangowonjezera mlandu. Foni yonena kuti mwana wanu lero wamaliza buku imasintha nkhani ya pa chakudya cha madzulo. Kholo nalonso lili ndi funso loyenera kufunsa sukulu, losiyana ndi loti mwanayo wachitanso chiyani: kodi mwamuyeza kuwerenga ndi kumva chiyankhulo, ndipo mwapeza chiyani?

Chopinga chachikulu ndi nthawi. Ndondomeko ya boma ya March 2023 inanena kuti AP ikhale malo odutsapo, osati okhazikika: akatswiri ake azithandiza ana akadali m'masukulu awo, ena azibwera kwa kanthawi kochepa n'kubwerera, ena azikonzekeretsedwa kupita ku sukulu ina kapena ku koleji. Maganizowa ndi abwino, koma akutanthauza kuti mphunzitsi angakhale ndi mnyamata uja masabata 12 okha, ndipo mwa masikuwo ena adzajomba. Pofika pamene wayamba kuvula chipewa ndi kufunsa za munthu wa m'nkhani uja, nthawi yobwerera yakwana.

Amabwerera ku kalasi ya ana 30 ndi faelo yonenepa, yodzaza ndi masiku a ndewu ndi mawu amene anatukwana. Masukulu ena a AP amaika pamwamba pa faeloyo tsamba limodzi lolembera mphunzitsi aliyense amene adzamulandire. Pamakhala maliwu amene wagwira ndi amene atsala, dzina la buku limene ali nalo ndi tsamba limene wafika, kuti malangizo azipatsidwa limodzilimodzi, ndiponso kuti ngati pali ndime yoti adzawerenge pagulu, apatsidwe dzulo lake kuti akaikonzekere.